Mpango wa Mwana ndi Khomo la Sukulu

Amayi anzanga, mukaima m'mbali mwa mseu pa Songani m'maŵa, mudzaona ana akuyenda m'timagulu kupita ku sukulu. Ena achokera m'nyumba zodzuka ndi kuitana kwa ku mzikiti, ena m'nyumba zomvera belu la tchalitchi. M'chigwa cha Domasi zimenezi si zachilendo. Mishoni ya Domasi inayambidwa ndi Mbusa Alexander Hetherwick mu 1884 pakati pa Ayao, ndipo kwa zaka zambiri Akhristu ndi Asilamu akhala akumwa madzi a mtsinje umodzi, kukwatirana, ndi kugonera limodzi pa maliro.

Komabe pali funso limene lavutitsa dziko m'zaka zapitazi: kodi mtsikana wachisilamu aloŵe m'kalasi atavala hijabu pa sukulu ya mpingo wachikhristu? Sukulu zambiri m'Malaŵi muno zinamangidwa ndi mipingo, ngakhale aphunzitsi ake amalipidwa ndi Boma. Eni sukulu ankati yunifolomu ndi lamulo loyenera aliyense. Makolo achisilamu ankati mpangowo ndi chipembedzo cha mwana, ndipo kumadera ena kulibe sukulu ina yapafupi yoti amtumizeko.

Mu Novembala 2019, kwa M'manga m'boma la Balaka, mkangano umenewu unabala chipolowe. Anthu anavulala, nyumba zopempherera zinaonongeka, ndipo ana a zipembedzo zonse ziŵiri anakhala kunyumba osaphunzira. Pofuna kuzimitsa motowo, bungwe la Public Affairs Committee, limene limasonkhanitsa atsogoleri a mipingo ndi a Chisilamu chiyambire 1992, linakhazika pansi mbali zonse. Mu Juni 2021 atsogoleriwo anasaina pangano lakuti mtsikana asabwezedwe chifukwa cha hijabu, malinga mtundu wa nsaluyo ukhale wogwirizana ndi yunifolomu ya sukulu yake.

Nkhani yofanana nayo inafika pa Bwalo Lalikulu la Milandu ku Zomba konkuno. Mu Meyi 2023, Jaji Zione Ntaba anagamula kuti ana a Chirasta asakanizidwe malo m'sukulu za Boma chifukwa cha tsitsi lawo lopota. Malamulo aakulu a dziko amapatsa munthu aliyense ufulu wa chipembedzo ndi ufulu wa maphunziro, ndipo chigamulocho chinasonyeza kuti mwana sayenera kutaya ufulu umodzi kuti apeze unzake.

Inu amene munali atsikana kale mukukumbukira lamulo la 1973 limene linaletsa akazi kuvala mathalauzi ndi masiketi osafika m'mawondo, mpaka linachotsedwa mu 1993. Ndiye kuti mukudziŵa kale mmene chovala cha mkazi chimasandukira mlandu wa dziko lonse, mwini wake osafunsidwa. Pa mkangano wa hijabu amene anaima pakati ndi mwana wa Sitandade 6 kapena 7, msinkhu umene atsikana ambiri amasiyira sukulu. Akabwezedwa pakhomo la kalasi kaŵiri kapena katatu, manyazi amamgwira, ndipo posakhalitsa pakhomo panu pafika ofunsira mbeta.

Pangano la atsogoleri likhale papepala, koma amene amachapa yunifolomu ndi inu. Ngati mwana wanu amavala hijabu, pitani nokha kwa aphunzitsi aakulu sukulu zisanatsegulidwe, mufunse mtundu wa nsalu yoyenera, kenaka mupite nayo kwa telala. Pakabuka kusamvana, musatume mwana kukalimbana ndi aphunzitsi. Nkhaniyo ipite ku komiti ya sukulu, ku gulu la amayi la pasukulupo, kapena kwa amfumu, ndipo abusa ndi ashehe aitanidwe onse pamodzi, mphekesera zisanafike pa msika.

Inunso amayi achikhristu muli ndi mbali yanu. Mawu amene mumalankhula posenda chinangwa pakhonde, mwana amakawabwereza pa bwalo la sukulu. Mukanyoza mpango wa mnansi wanu, maŵa mwana wanu akauvula m'mutu mwa mnzake, ndipo mlandu udzabwera kwa inu. Akuluakulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Mtsikana amene mwamuyankhulira bwino lero ku msonkhano wa makolo, mwina ndiye namwino amene adzakulandireni ku chipatala zaka khumi zikubwerazi.

Teremu ikubwerayi, msonkhano wa makolo ukaitanidwa, musautayire abambo okha. Mangani chitenje, muitane mnansi wanu wa chipembedzo china, mupitire limodzi.