Mpanda wa pakati pa Java ndi C mu foni ya Android

Mapulogalamu ambiri a pa foni ya Android ali ngati makomo awiri oyandikana, olekanitsidwa ndi mpanda umodzi. Khomo lina ndi la Java kapena Kotlin, lomwe limasamala mabatani ndi zonse zooneka ndi maso. Linalo ndi la C kapena C++, komwe kumapita ntchito yolemetsa monga kufinya vidiyo, kuyeretsa mawu ndi kuyendetsa magemu. Kachipata kopatsirana zinthu pampandapo ndi JNI, kamene kanabwera ndi Java 1.1 mu 1997. Olemba mapulogalamu a Android anayamba kudutsirapo mu 2009, Google itatulutsa NDK, zida zolembera C pa Android.

Makomo awiriwa amasunga katundu mosiyana, ndipo mavuto ambiri amayambira pamenepa. Kwa a Java kuli wosesa, wotchedwa garbage collector. Amazungulira pabwalo, nataya chilichonse chimene palibe akuchifuna, ndipo zotsalazo amatha kuzisuntha kuti malo apezeke. Kwa a C kulibe wosesa. Chomwe waika chimakhala pomwepo mpaka uchichotse wekha.

Tsono Java ikaitana C nkuipatsira chinthu, siyipereka chinthucho kuti chikhale cha a C. Imangobwereketsa, monga mnansi amabwereketsera lichero lopetera mphale ya tsikulo. Kubwereka kotere ndiye local reference, ndipo kumatha pamene function yoitanidwayo yabwerera. Cholakwa chofala nchakuti wolemba C amasunga chobwerekacho kuti adzachigwiritsenso ntchito nthawi ina. Pofika nthawiyo, mwini wake anatenga kale lichero lake, mwina wosesa analisuntha kapena kulitaya. Chopweteka nchakuti pulogalamu siyigwa pomwe cholakwacho chachitikira. Imayenda bwinobwino, kenaka nkudzagwera pamalo ena osalakwa, munthu nkutha tsiku lonse akufufuza kolakwika. Mafoni akale ankabisa vutoli, chifukwa ankapatsa C adiresi yeniyeni ya chinthucho, ndipo nthawi zambiri chinkapezeka chikadali pomwepo. Android 4.0 itabwera mu 2011 inasintha kabwereketsedweka, ndipo mapulogalamu amene ankayendera mwayi anayamba kugwa.

Wofuna kusunga chinthu nthawi yaitali apemphe poyera, ndi NewGlobalRef, ndipo akathana nacho abweze ndi DeleteGlobalRef. Akapanda kubweza, wosesa sachikhudzanso chinthucho, memory nkumatha pang'onopang'ono. Ngakhale zobwereka za tsiku limodzi zinali ndi malire: Android 8.0 isanabwere, zikapyola 512 pulogalamu inkagwa. Nchifukwa chake wodutsa mndandanda wautali amayenera kumabweza chimodzichimodzi ndi DeleteLocalRef, osadikira kumapeto.

Palinso funso lina limene ambiri salifunsa: kodi chomwe ndalandirachi ndi chenichenicho, kapena kope yake? GetByteArrayElements imatha kupereka chilichonse mwa ziwirizi. Ngati ndi kope, zomwe C yasintha sizifika kwa Java mpaka itaitana ReleaseByteArrayElements, ndipo ikaitana ndi JNI_ABORT zosinthazo zimatayidwa. Mukaona C ikunenetsa kuti yalemba, Java nkumaonabe zakale, yambirani pamenepo.

Miyeso nayo imasiyana. Mnansi akapempha mchere wa kapu imodzi, makapu a makomo awiriwo sakhala ofanana nthawi zonse. Long ya Java ndi ma bit 64 pa foni iliyonse, pamene long ya C ndi 32 pa armeabi-v7a ndi 64 pa arm64-v8a. Amene anasunga pointer ya C mu int ya Java ankaona zonse zikuyenda pa foni ya 32, koma pa 64 theka la adiresiyo limaduka. Google Play inayamba kulamula kuti mapulogalamu okhala ndi C akhalenso ndi mtundu wa 64 mu Ogasiti 2019, komabe mafoni ena otsika mtengo akadali pa 32, choncho kuyesa pa foni imodzi yokha yapamwamba nkudzinamiza.

Pa zolemba ndi pomwe ine ndimaona kuti olemba mapulogalamu amapeputsa kwambiri. Java imasunga mawu mu UTF-16, pamene C nthawi zambiri imawerenga ma byte. Dzina loti Malaŵi lili ndi zilembo 6, koma mu UTF-8 ndi ma byte 7, chifukwa ŵ imatenga awiri. Wokonza malo powerenga zilembo amadula dzinalo, kapenanso kulemba kupyola malo omwe anakonza. Komanso NewStringUTF siyiyembekezera UTF-8 wamba ayi, imafuna Modified UTF-8, momwe emoji imatenga ma byte 6 m'malo mwa 4. Pulogalamu yoyesedwa ndi Chingerezi chokha imaoneka yangwiro, mpaka tsiku lomwe wina adzatumize kankhope koseka. Njira yodalirika ndi kudutsitsa ma byte okhaokha, Java nkudziwerengera yokha ngati UTF-8.

Pofufuza vuto, choyamba nkuika mlonda pachipata. CheckJNI imayang'ana chilichonse chodutsa, ndipo ikaona cholakwa imaimitsa pulogalamu nthawi yomweyo nkulemba chifukwa chake mu logcat. Pa emulator imakhala yoyatsidwa kale, pamene pa foni wamba imayatsidwa ndi adb shell setprop debug.checkjni 1. Imagwira chobwereka chotha nthawi, mawu osalembedwa mwa Modified UTF-8, ngakhalenso JNIEnv ya thread ina ikagwiritsidwa ntchito pa thread inzake, zomwe nzoletsedwa: thread yobadwira ku C iyenera kuyamba yadzidziwitsa ndi AttachCurrentThread. Imagwiranso C yopitiriza ntchito Java itaponya exception, pakuti exception siyiimitsa C, iyenera kufunsa yokha ndi ExceptionCheck.

Pulogalamu ikagwera mkati mwa C, ndk-stack imasandutsa manambala a mu tombstone, lipoti la kugwako, kukhala maina a mafayilo ndi mizere yake. Ikakhala kuti siyikugwa koma zotuluka nzolakwika, lembani kutalika kwa deta ndi ma byte ake oyambirira mbali zonse ziwiri za mpanda, muyerekeze. Ndipo vuto likamaoneka pa release pokha, debug ili bwinobwino, kayikirani R8: imafupikitsa maina a ma class ndi ma method, C nkumaitana dzina lomwe kulibenso. Mainawo muwateteze ndi lamulo la keep mu fayilo ya ProGuard.