Mizere ya pa chojambula cha injiniya: uliwonse ukunena zake

Sitima ya Ilala, yomwe imaima kuno ku Nkhotakota, inapangidwa ku Scotland mu 1949. Inabwera zidutswazidutswa n'kudzalumikizidwa ku Monkey Bay, ndipo inayamba kuyenda panyanja mu 1951. Ntchito yotere imadalira zojambula zimene amisiri onse akuzimva chimodzimodzi, mzere ndi mzere.

Tiyeni titenge shafti, chitsulo chobulungira chimene chimazunguza propela ya boti. Mzere wonenepa wosadukiza umaonetsa m'mbali mwa chitsulocho, zimene maso akuona. Woonda wosadukiza wokhala ndi timivi kumapeto ndi wa muyeso, ndipo manambala ake amakhala m'mamilimita. Wonenepayo umaposa woondawo kawiri, mwachitsanzo 0.5 mm ndi 0.25 mm.

Tsono pomwe ambiri mumataya malikisi mu Technical Drawing ndi pa mizere iwiri yodukizadukiza. Wa tizidutswa tofanana ukunena kuti pali china chobisika, monga bowo la m'kati mwa chitsulo. Winawo, wosinthanitsa kachidutswa katali ndi kakafupi, sukuonetsa chitsulo ayi. Ndi mzere wapakati, pomwe shafti imazungulirapo, ndipo umatulukira pang'ono kunja kwa chojambulacho.

Wapakatiwu musaupeputse. Mmisiri amayezera bowo la propela kuchokera pamenepo. Likaphonya pakati, kulemera kumapendekera mbali imodzi, injini ikaliza boti lonse limanjenjemera ndipo mabering'i amatha msanga. Fizikisi yeniyeni imeneyo!

Nanga mizere iwiri ikagwera pamodzi? Wooneka umapambana wobisika, wobisika n'kupambana wapakati.