Masiku Oyamba a Injini Yatsopano

Munthu amene wakhetsa thukuta zaka zambiri m'migodi ya ku Nchanga kapena ku Mufulira, akalandira ndalama zace zopumira nchito, mtima wace umakhala pa galimoto yolimba yoti akayende nayo kwao ku Katete. Iye adziwa kuti akangopatuka pa mseu waukuru wa Great East, njira zolowa ku midzi ya ku Sinda ndi ku Vubwi ziri za mcenga, miyala ndi matope. Galimoto zoyenda m'njira zotere si zacilendo ai. Land Rover inaonetsedwa koyamba ku Amsterdam m'caka ca 1948, caka comweco cimene cipatala ca St Francis cinayambika pa Katete, ndipo dzina la Land Cruiser linamveka mu 1954. Koma kulimba kwa galimoto izi kwapusitsa ambiri. Amayesa kuti popeza thupi lace ndi lolimba, injini yace ingathe kusenza ciri conse kuyambira tsiku loyamba.

M'kati mwa injini muli mabowo aakuru ochedwa masilinda, ndipo m'bowo liri lonse muli pisitoni imene ikwera ndi kutsika monga munsi mu mtondo, kambirimbiri pa mphindi imodzi. Pisitoniyo ibvala maring'i acitsulo, amene nchito yace ndiyo kutseka mpata, kuti mphamvu ya moto isapulumuke kunka pansi, ndiponso kuti oilo asakwere kukapsa pamwamba. Tsono khoma la silinda yatsopano siliri losalala monga lionekera ndi maso. Amisiri amalikanda dala timizere topingasana tosunga oilo. Pa makilomita oyamba maring'i aja amapala nsonga za timizereto pang'ono pang'ono kufikira zitsulo ziwirizo zitazolowerana, monga mphero ndi mwana wace zimafika pogwirizana ndi kupera kwa masiku ambiri.

Pali njira ziwiri zoonongera nchito imeneyi. Yoyamba aidziwa ali yense: kuthamanga kopitirira ndi kusenza katundu wolemera. Zitsulo zisanazolowerane zimatentha msanga, oilo amacepa mphamvu, ndipo khoma limakalika mabala osapola. Yaciwiri ndiyo imene imagwetsa anthu osamala. Mwini galimoto, poopa kuiononga, amaisiya iri kulira ciimire m'mawa wonse, kapena amayenda nayo mwaulesi osaipatsa nchito konse. Pamenepo maring'i sakanikizidwa pa khoma, oilo amapserera m'timizere tija, ndipo khoma limasalala ngati galasi. Injini ya dizilo ndiyo imacita zotere kawirikawiri. Pambuyo pace imadya oilo, ituruka utsi wobiriwira, pa citunda ifooka, ndipo mankhwala ace ndi amodzi okha: kuitsegula, ndalama zambiri ndi kupita. Ng'ombe yaing'ono yophunzira goli saimangirira ku ngolo yodzala ndi njerwa, komanso saisiya m'khola. Amaipatsa nchito yolingana ndi msinkhu wace.

Kale, m'zaka za m'ma 1950, eni galimoto zatsopano ku Britain anali kumata cikalata pa zenera la kumbuyo copempha anzao kuti apitirire, pakuti iwo anali kuyenda pang'ono pang'ono mamailo 500 oyamba. Makina a masiku ano asema zitsulo bwino koposa, kotero malamulo anacepa, koma sanathe. Mabuku ambiri a galimoto za Toyota amanena kuti pa makilomita 300 oyamba woyendetsa asaime modzidzimutsa, cifukwa mabuleki naonso ali atsopano. Pa makilomita 800 oyamba asakoke ngolo. Ndipo pa makilomita 1,000 oyamba asathamange kwambiri, asaponde mafuta mwadzidzidzi, asakhalitse pa giya yaing'ono, kapena pa liwiro limodzi nthawi yaitali. Ena amaturutsa malamulo osiyanako, ndiye buku la m'galimoto momwemo ndilo liyenera kuwerengedwa usiku woyamba.

Kucokera ku Lusaka kufika ku Katete pali makilomita pafupifupi 500. Ndiye kuti theka la nthawi yobvutayi lithera pa ulendo woyamba wopita kwao, ndipo ulendowo uli ndi misampha yace. Pa malo oongoka phazi limafuna kukhazikika pa liwiro limodzi. Woyendetsa wanzeru amasinthasintha, nthawi zina kuonjezera, nthawi zina kuleka mafuta kuti galimoto idzicepetse yokha. Pa mapiri a Manenekera, potsikira ku mlatho wa Luangwa ndi pokwera tsidya lija, pali bvuto lina. Injini ikayamba kubuula ndi kunjenjemera pa giya yaikuru, asaikakamize, koma atsitse giya msanga kuti izungulire momasuka. Kubuula kumeneko kuononga koposa kuthamanga. Ndipo ngati injini iri ndi turbo, akafika pamwamba asaizimitse pomwepo. Aipatse mphindi imodzi kapena ziwiri kuti izizire. Malata ndi matumba a simenti a nyumba yatsopano angathe kudza pa lole.

Kumudzi ndiko kuli mayeso aakuru, pakuti kumeneko wokana ndi atsibweni ace sakhala ndi mau. Ikakhala nyengo yogulitsa thonje ndi cimanga, ali yense afuna matumba ace afike ku msika. Ikakhala August, mudzi wonse ufuna kukwera kunka ku Mkaika ku mwambo wa Kulamba. M'dzinja, lole ikatitimira pa dambo, anthu amathamangira kwa mwini galimoto yamphamvu kuti adzaikoke, ndipo kukoka kotero ndiko kumene buku likaniza. Kuli bwino kuwaonetsa akuluwo nambala ya makilomita ndi kupempha ulemu kuti apirire masabata owerengeka. Kunyamula anthu asanu kapena matumba ocepa sikulakwa. Injini iifuna nchito yotere.

Cina coiwalika ndi giya yokokera mawilo onse anai. Pa galimoto zimene woyendetsa amailowetsa yekha, iyo ndi ya pa mcenga ndi matope basi. Pa tala wouma imapotokola zitsulo za pansi ndi kudya matayala.

Mau onsewa agwira kwambiri munthu amene sanagule yatsopano, koma anapereka injini yakale kwa makanika kuti aikemo mapisitoni ndi maring'i ena. Injini yotere iri ngati ya kale ija, ndipo isowa cisamaliro coposa. Oilo ace oyamba amadzala ndi tizitsulo topalika, kotero ayenera kukhetsedwa pamodzi ndi sefa yace asanapitirire makilomita 1,000. Sefa ya mpweya nayo iyang'anidwe kawirikawiri m'miyezi ya September ndi October, pamene pfumbi la m'njira za ku Vubwi liri pacimake, cifukwa pfumbi likalowa m'silinda limanola khoma ngati mwala. M'mawa uli wonse, injini isanalire ndipo galimoto itaima pa malo olingana, mwini wace asolole kacitsulo koyezera oilo, akapukute, akabwezere, ndi kuonanso pamene oilo afika. Kucepako pang'ono pa masabata oyamba sikudetsa nkhawa. Koma ngati oilo apitirira kucepa makilomita 2,000 atakwana, galimotoyo ibwerere kwa amene anaigulitsa kapena kuikonza, cikalata ca cipangano cisanathe masiku.