Kusamala Misomali Yobisika Pochekanso Mitanda Yakale

Mau oyamba

Mitengo ya matabwa olimba monga mlombwa, mbawa ndi mukusi ikusowa m'maiko a kumwera ndi pakati pa Africa. Chifukwa cha ichi, alimi ndi akalipentala ambiri amagula mitanda yochokera ku mashedi a fodya, nyumba zogumulidwa ndi njanji zakale, naichekanso kuti apeze matabwa a zitseko, ngolo ndi ming'oma ya njuchi. Mitengo yotere ndi youma bwino ndipo sipindika. Vuto lake ndi misomali imene inatsalira m'kati.

Kuopsa kwake

Msomali umodzi ungathe kuthyola mano angapo a macheka, ntchito n'kuima tsiku lonse. Pa macheka a makina, dzino lothyoka kapena chidutswa cha msomali chimauluka mwamphamvu ndipo chingaboole diso. Choncho alangizi ayenera kuphunzitsa ocheka kuti asayambe ntchito asanafufuze mtanda uliwonse.

Kapezedwe ka misomali

1. Tsukani mtanda ndi bulashi yawaya. Mchenga ndi matope zimabisa misomali, komanso zimabunthitsa mano.
2. Yang'anani madontho akuda kapena adzimbiri. Chitsulo chikakumana ndi chinyezi m'mtengo chimadetsa malo ozungulira, ngakhale mutu wa msomali utadyeka kale.
3. Fufuzani kwambiri kumapeto kwa mtanda, molumikizira, ndi mbali imene panakhomedwa malata.
4. Yendetsani maginito olimba pa mbali zonse zinayi. Maginito amapeza misomali ya pafupi yokha. Yozama imafuna makina ofufuzira zitsulo, amene gulu la alimi lingagule pamodzi.
5. Zingani malo aliwonse okayikitsa ndi choko.

Kachotsedwe

Msomali wa mutu uzulidwe ndi hamala kapena pulayazi, mutatsamiritsa pa kathabwa kuti mtanda usaphwanyike. Ngati mutu unaduka, gobani pang'ono ndi tchizulo chakale kufikira pulayazi itagwira. Wina ungakhomedwe ndi chitsulo chosongoka mpaka utulukire mbali ina. Pamene misomali yachulukana, ndi bwino kudula mbali yonseyo ndi kuitaya. Kutaya kachidutswa ka mtengo n'kotchipa kusiyana ndi kugula macheka ena. Mukazula, yendetsaninso maginito, pakuti msomali wadzimbiri umaduka kawirikawiri n'kusiya nsonga m'kati.

Pocheka

Chekani koyamba ndi macheka akale, ndipo chekani pang'onopang'ono. Wocheka avale magalasi oteteza maso ndipo asaime molunjika macheka. Akamva kulira kwachilendo kapena akaona moto ukuthetheka, aime nthawi yomweyo. Thabwa lililonse likachoka, fufuzaninso mbali yatsopanoyo musanapitirize.

Chenjezo

Mitanda ina inamizidwa m'mankhwala oteteza chiswe monga creosote ndi CCA. Yotere isagwiritsidwe ntchito pa ming'oma, modyera ziweto kapena mosungira chakudya, ndipo zidutswa ndi utuchi wake zisasonkhezeredwe pamoto. Misomali yozulidwa iikidwe m'chitini, chifukwa ng'ombe ikameza msomali pamodzi ndi udzu ingathe kufa.