Mafunso Awiri a pa Chipata cha Calómuè

Lole yonyamula chakudya ikafika pa Calómuè, chipata chimene chimalumikiza boma la Angónia ku Mozambique ndi la Dedza ku Malawi, imaima kuti iyankhe mafunso awiri. Loyamba ndi la ndalama: katunduyu ndi wanji, wachokera kuti, nanga boma lilandirapo zingati? Lachiwiri ndi la moyo: kodi anthu akadya sadwala, nanga sakubweretsa matenda m'minda ndi m'makola? Ambiri amadziwa loyamba lokha chifukwa ndilo limapweteka m'thumba, koma lachiwirili ndilo lalikulu.

Za msonkho

Ku Mozambique ntchito ya kasitomu, kapena kuti alfandega, ili m'manja mwa Autoridade Tributária, bungwe lotolera misonkho limene linakhazikitsidwa mu 2006. Wamalonda wa katundu wambiri amafuna despachante, munthu wovomerezedwa ndi boma kuombola katundu wa anthu ena. Iyeyu amalemba zonse pa kompyuta kudzera mu Janela Única Electrónica, imene inayamba mu 2011: mtundu wa katundu, kulemera kwake, mtengo wogulira ndi dziko limene anapangidwira. Dzikolo n'lofunika, pakuti kuyambira mu 2008 mayiko a SADC amatsitsirana kapena kuchotserana msonkho wa pachipata, bola pakhale chikalata chotsimikiza kuti katunduyo ndi wa m'chigawo chino. Pamwamba pake pamabwera msonkho wa IVA, umene kuyambira mu 2023 uli pa 16 peresenti. Akalipira, a kasitomu amatha kutsegulitsa tenti kuti aone ngati zimene zili pa pepala ndizo zili m'galimoto.

Za minda ndi makola

Chimanga, nyemba, mbewu ya mbatata ya kachewere ndi zipatso zimafuna chilolezo cha a zaulimi a dziko limene zikulowa, komanso chiphaso cha dziko limene zachokera, chonena kuti zaunikidwa ndipo zilibe tizilombo. Mlimi aliyense amene nkhokwe yake inasandukapo gaga amadziwa chifukwa chake. Nankafumbwe wamkulu, amene amaboola ngakhale mitengo ya nkhokwe, kwawo ndi ku Central America. Anapezeka ku Tanzania chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970, ndipo kuchoka kumeneko anafalikira m'mayiko oyandikana, kwakukulu atabisala m'chimanga chimene anthu ankanyamula. Kachilombo kotere kakalowa sikatulukanso.

Nyama nayo imafuna chikalata cha madokotala a ziweto. Angónia ndi limodzi mwa madera amene chigodola cha nkhumba chinakhazikika. Matendawa alibe mankhwala, ndipo kachilombo kake kamatha kukhala nthawi yaitali mu nyama yophedwa, ngakhale yothiridwa mchere. Munthu sadwala nako, koma zotsala za nyamayo zikatayidwa kumene nkhumba zimadya, khola lonse limatha, ndipo banja limataya ndalama ya feteleza ndi ya sukulu.

Za m'mimba mwa munthu

Zakudya za m'mapaketi ndi m'zitini ziyenera kukhala ndi chizindikiro cholembedwa m'Chipwitikizi, chosonyeza zimene zili m'kati ndi tsiku lothera mphamvu. Kuyambira mu 2016 lamulo la Mozambique limafuna kuti ufa wa chimanga ndi wa tirigu wopangidwa m'mafakitale, mafuta ophikira ndi shuga zikhale zothiridwa mavitamini kapena michere ina, ndipo mchere ukhale ndi ayodini. Katundu akalowa m'masitolo a ku Ulóngue, likulu la Angónia, bungwe la boma loyendera malonda ndilo lili ndi mphamvu yoyendera ndi kulanda zakudya zoonongeka.

Vuto ndi lakuti zoopsa kwambiri sizioneka ndi maso. M'zaka za 2017 ndi 2018, matenda a listeriosis anagwira anthu oposa 1,000 ku South Africa ndi kupha oposa 200. Gwero lake linapezeka kuti linali poloni wa pa fakitale ina ya ku Polokwane, ndipo m'mwezi wa Malichi 2018 Mozambique, Malawi ndi Zambia analetsa nyama zoterezi kulowa. Poloniyo ankaoneka bwinobwino. Chimodzimodzi poizoni wa chuku amene amamera pa chimanga ndi mtedza zosauma bwino: kuphika sikumuchotsa, amaononga chiwindi, ndipo mu 2004 anapha anthu 125 ku Kenya. Chigawo cha Tete, m'mene muli Angónia, chinaonanso zotere mu Januwale 2015 ku Chitima, kumene anthu 75 anafa atamwa pombe pamaliro. Ofufuza anapeza kuti ufa umene anafululira unali ndi tizilombo totulutsa poizoni. Ufawo sunadutse pachipata chilichonse, koma unaonetsa zimene thumba limodzi loonongeka lingachite. N'chifukwa chake katundu wokayikitsa amatapidwako pang'ono kuti akayezedwe ku labotale, ngakhale mwini wake atadandaula za kuchedwa.

Kumene chipata sichifika

Malire a Angónia ndi Malawi anabadwa ndi pangano la Angerezi ndi Apwitikizi la 1891, ndipo anadula pakati pa Achewa ndi Angoni a mbumba imodzi. Pakati pa Dedza ndi Ntcheu msewu wa M1 umayenda m'malire enieni, moti pa msika wa Lizulu munthu akadumpha msewu wasintha dziko. Chimanga, kachewere, kabichi, shuga ndi mafuta zimawoloka tsiku ndi tsiku pa njinga, pa ngolo ndi pamutu. Malonda amenewa apulumutsa mabanja ambiri m'zaka za njala, ndipo palibe boma lingaike mlonda pa kanjira kalikonse.

Choncho ntchito ina ya pachipata imagwera wogula. Awerenge tsiku la pa paketi. Asagule chitini chotupa kapena chadzimbiri. Chimanga apise dzanja mpaka pansi pa thumba, achinunkhize ndi kuchiluma kuti amve ngati chauma. Nyama ya nkhumba yotchipa modabwitsa afunse kumene yachokera. Wamalonda naye adziwe kuti amene akuunika katundu wake sakumuda: chakudya chimene chili pa loleyo chikaphikidwa m'nyumba za anthu, ndipo ina mwa nyumbazo ikhoza kukhala yake.