LAMYA IMALONDOLA ODWALA MPAKA KUMUDZI

Mai akaturuka m'cipatala atabereka mwa opaleshoni, abale amakondwera poganiza kuti bvuto latha. Koma a zaumoyo adziwa kuti masiku oyamba a kunyumba ali ndi zoopsya zace. Cironda ca opaleshoni cingathe kutukusira tsiku liri lonse mkati mwa masiku 30, ndipo kawiri-kawiri izi zimacitika mai ali kale kumudzi, kutali ndi dokotala.

Bungwe la World Health Organization limalangiza kuti mai ndi khanda apimidwe m'maola 24 oyamba, pa tsiku la 3, pakati pa tsiku la 7 ndi la 14, ndiponso patatha masabata 6. Komatu kwa mai wa m'midzi ya ku Chama kapena Lundazi, ulendo uli wonse ufuna ndarama, ndipo m'dzinja mitsinje ikadzala njira zimatsekeka. Ambiri amangopirira kufikira matenda atakula.

Ndico cifukwa cace zipatala za m'maiko ena zinayamba kuimbira lamya odwala amene aturuka. Namwino amafunsa mafunso ocepa koma ofunika: kodi thupi likutentha? Cironda catupa kapena cikuturutsa mafinya? Magazi akuturuka kwambiri? Mutu ukuwawa kosaleka? Nanga mwana akuyamwa bwino? Yankho limodzi lokaikitsa likwanira kuti mai auzidwe kufulumira ku kiliniki ya pafupi.

Ku cipatala ca Kirehe m'dziko la Rwanda, akatswiri anayesa njira imeneyi pa amai a opaleshoni. Pambuyo pace a zaumoyo a m'midzi anayambanso kujambula cironda ndi lamya ya m'manja ndi kutumiza cithunzico kwa dokotala.

M'Zambia muno lamya si mlendo pa nchito ya zaumoyo. M'caka ca 2010, Unduna wa Zaumoyo pamodzi ndi UNICEF unayambitsa Project Mwana m'zigawo za Luapula ndi Kumwera, yotumiza msanga ku makiliniki zotsatira za magazi a makanda opimidwa kacirombo ka HIV.

Komabe lamya iri ndi mabvuto ace. M'mabanja ambiri imakhala m'thumba la bambo, amene amakhala ali kumunda kapena kumsika pamene namwino aimba. Kwina moto umatha m'batire, kwina mau samveka. Bvuto lina ndi ulemu: wodwala amayankha kuti ali bwino pocita manyazi kuchula za cironda, pamene usiku wonse sanagone. Ndiponso lamya siingakhudze mimba kapena kupima kuthamanga kwa magazi, motero siilowa m'malo mwa sikelo ndi tsiku lobwerera ku cipatala.

Cotero wodwala poturuka asiye nambala imene imagwira nchito, ndi ina ya mbale wokhala naye pafupi. Atengenso nambala ya kiliniki, ndipo akaona cacilendo asadikire kuimbiridwa. Namwino akafunsa, ayenera kuuzidwa zoona zokha-zokha.