Mayankho okondweretsa wofunsa ndi kusalidwa kwa okalamba pa kafukufuku wa zaumoyo

Ziwerengero zimene boma limatsamira pogawa mankhwala ndi thandizo zimachokera m'mayankho a anthu, koma munthu akafunsidwa ndi mlendo wolemba zonse pa tabuleti, kawirikawiri amanena zimene akuganiza kuti n'zovomerezeka osati zimene zili kumtima kwake. Akatswiri amatcha khalidweli kuyankha mokondweretsa wofunsa, ndipo limakula pamene funso likukhudza lamulo, manyazi kapena mwayi wolandira thandizo.

Ku Bangula ndi madera ena a boma la Nsanje, funso la mwambo wa kulowa kufa n'lotero, chifukwa lamulo la Gender Equality Act la 2013 limaletsa miyambo yovulaza, ndipo mu 2016 khoti linagamula bambo wina wa m'bomali kukhala m'ndende zaka ziwiri pa mlandu wotere. Motero mayi wamasiye akayankha kuti zimenezo zinatha kalekale, wofufuza sangasiyanitse msanga kusintha kwenikweni ndi mantha. Chimodzimodzinso, popeza lamulo la 1911 limaletsa kunenera munthu ufiti, woyankha angathe kutamanda agogo pamaso pa mlendo ngakhale akuwakayikira mumtima kuti ndi mfiti.

Vuto lachiwiri ndi tsankho la msinkhu, kutanthauza kupeputsa munthu chifukwa cha zaka zake. Kafukufuku wa zaumoyo wa 2015-16, amene anachitidwa ndi National Statistical Office ya ku Zomba, anafunsa amayi a zaka 15 mpaka 49 ndi abambo a zaka 15 mpaka 54, kotero gogo wa zaka 70 anangowerengedwa pa mndandanda wa apabanja osafunsidwa za kuthamanga kwa magazi kapena shuga. Mafunsowo anamasuliridwa m'Chichewa ndi m'Chitumbuka, chikhalirecho okalamba ambiri a ku Bangula amamasuka m'Chisena, ndipo mdzukulu akakhala womasulira, sachedwa kuyamba kuwayankhira. Wofunsa wachinyamata amachitanso manyazi kufunsa munthu wa msinkhu wa makolo ake za kugonana, pamene okalambawo amabisa ululu ponena kuti ndi ukalamba chabe.

M'dera limene Namondwe Idai mu 2019 ndi Freddy mu 2023 anathamangitsira anthu m'misasa, wosalembedwa amaphonya thandizo. Ofufuza ayenera kufunsa okalamba paokha, m'chilankhulo chawo, ndi kuwatsimikizira kuti yankho lawo silidzawatengera kukhoti kapena kuwachotsa pa mndandanda wa olandira thandizo.